Mmene mungayendetsere msonkhano wa anthu osiyana mitundu ndi zipembedzo kuno ku Mangochi

Mwaitanitsa msonkhano wa komiti ya mjigo, kaya wa makolo kusukulu, kaya wa banki mkhonde, tsiku ndi nthawi mwanena bwinobwino, koma tsikulo litakwana pabwera anthu asanu okha. Kapena abwera ndithu bwalo mpaka kudzadza, mwalankhula maola awiri, onse akuti "tamva", m'manja awomba, koma sabata yotsatira palibe olo mmodzi wabweretsa njerwa zomwe munagwirizana zija. Izi zimawachitikira aphunzitsi ongotumizidwa kumene kuno, ma HSA (alangizi a zaumoyo), alangizi a zaulimi ndi a zansomba, achinyamata a m'mabungwe. Chimene chimandipweteka nchoti ambiri zikawakanika amangothamangira kunena kuti "anthu a kuno ndi ovuta, safuna chitukuko", pomwe chinalakwika ndi tsiku lomwe anasankha, khomo lomwe analowera, kapena ndiwo zomwe anaphika.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndipo pafupifupi 7 mwa anthu 10 alionse ndi Ayao komanso Asilamu. Koma pabwalo lomwelo mupezanso Anyanja a m'mbali mwa nyanja, Achewa, Alomwe, Angoni, Atonga obwera kudzapha nsomba, Atumbuka a ntchito za boma, abale athu a ku Mozambique olowera pa Chiponde, ndipo ku Cape Maclear azungu ali mbwee. Nde msonkhano wa kuno sungakonzedwe ngati mmene mumakonzera kwanu.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Kope ndi cholembera, zolembamo mayina a atsogoleri ndi maudindo awo
- Kalendala yoonetsa Ramadan ndi ma Eid a chaka chimenecho, kuphatikizapo masiku a msika a deralo
- Munthu wa konkuno wokuperekezani, amene anthu amamudziwa ndi kumukhulupirira
- Womasulira wodziwa Chiyao ndi Chichewa, ndipo ngati nkhani ikukhudza za amayi pakhalenso womasulira wamkazi
- Foni yokhala ndi mayunitsi ndi bandulo
- Chitenje kwa amayi, buluku lalitali ndi malaya a ulemu kwa abambo
- Mikeka kapena mphasa zokwanira, osati mipando ya akuluakulu yokha
- Ngati pali chakudya, ophika oti mbali zonse ziwavomereze

1. Dziwani kaye amene mukufuna kulankhula nawo

Khalani pansi ndi wokuperekezani uja mufunse mafunso wamba. M'mudzimu muli mizikiti ingati, matchalitchi ndi ati, anthu amadalira chani, kunyanja kapena kumunda, abambo ambiri alipo kapena ali ku Joni, obwera kuchokera kwina alipo ndipo amakhala mbali iti. Safunsa anadya phula.

Chenjezo: osaika anthu onse m'thumba limodzi. Asilamu a kuno si amodzi onse, alipo a Kadiriya amene amachita sikiri (mapemphero oimba otamanda Mulungu) pamaliro ndi pa sadaka, alipo ena amene sachita nawo zimenezo, ndipo mukaitana shehe wa mbali imodzi yokha enawo aona ngati msonkhano si wawo. Akhristu nawonso chimodzimodzi, Akatolika, a Anglican amene ali ndi mbiri yaitali ku Malindi ndi ku Mpondasi, a CCAP, a Seventh Day, a Mboni, a mipingo ya pente, aliyense ali ndi zake zomwe salola. Komanso si Myao aliyense ali Msilamu, nde musamuyeze munthu ndi dzina lake lokha.

2. Lowerani pakhomo loyenera

Apa ndi pomwe misonkhano yambiri imafera isanayambe nkomwe. Kalata ya ku ofesi ya DC ndi yabwino koma siyiitana anthu. Yambani kwa mfumu ya m'mudzi, ngati nkhani ikukhudza midzi ingapo pitani kwa gulupu, ndipo ikakhala yaikulu kwambiri ifike kwa a T/A, kaya ndi Mponda, Makanjira, Jalasi, Chimwala, Nankumba, Katuli, malinga ndi dera lomwe muli. Pitani nokha ndi miyendo yanu, osangotumiza mesiji. Mukafika odirani, dikirani akuonetseni pokhala, ndipo ngati pali nduna yambani kulankhula kudzera kwa iyo mpaka afumu eni akutsegulireni.

Mukachoka kwa mfumu pitani kwa shehe ndi kwa abusa kapena akulu a mpingo, tsiku lomwelo ngati nkotheka, kuti wina asamve kuti munayamba kwa mnzake iye nkumukumbukira patapita sabata. Awa ndi amene adzalengeze kumzikiti Lachisanu ndi kutchalitchi Loweruka kapena Lamulungu, ndipo chilengezo chawo chimafika patali kuposa pepala lomata pamtengo. Ma komiti omwe alipo kale, VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi), komiti ya sukulu, mother group, kapena BVC (komiti yoyang'anira za usodzi) ngati ndi kudoko, musawadumphe.

Chenjezo: musalonjeze kanthu kwa mfumu kamene simungakwanitse. Ngati palibe alawansi nenani pomwepo kuti palibe.

3. Sankhani tsiku ndi nthawi mosamala

Lachisanu masana chotsanipo, anthu amakhala akukonzekera ndi kupita ku swala ya Juma, ndipo olo mutati tiyamba m'mawa, ikamakwana 11 mitima ya anthu imakhala itachoka kale. Loweruka mutaya a Seventh Day, Lamulungu m'mawa mutaya Akhristu ena onse. Nde otsala abwino ndi Lolemba mpaka Lachinayi, kupatula tsiku la msika.

Nthawi nayo ili ndi zake. Asilamu amaswali kasanu patsiku, ndipo swala ziwiri zimagwa mkati mwa nthawi ya misonkhano yathu, ya masana dzuwa likangopendeka ndi ina chakumadzulo. Ikani kapumulidwe pamenepo, ndipo nenani poyamba pomwe kuti nthawi ya swala ikakwana tiima, anthu akhala momasuka osamangoyang'ana dzuwa. Kumadoko monga ku Makanjira, Msaka kapena ku Malombe, asodzi ambiri amachezera panyanja usiku, m'mawa ali kalikiliki kugulitsa, amayi akuyanika usipa pamathandala, kenako agone. Msonkhano wa 8 koloko m'mawa kumeneko mukhala nokha ndi ana.

M'mwezi wa Ramadan chitani zachidule ndipo zam'mawa, madzulo amayi amakhala pamoto kukonza chakudya chomasulira kusala. Kumbukirani kuti Ramadan siyikhala mwezi umodzimodzi chaka chilichonse, imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11, mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, nde osadalira kalendala ya chaka chatha. Nthawi ya tchuthi chachikulu cha sukulu ndi nyengo ya zinamwali, jando ndi nsondo, ndipo tsiku lotulutsa anamwali mudzi wonse umakhala kumeneko. Funsani afumu masiku ake. Ndipo ngati simunavinidwe musayandikire ku ndagala, kumene amavinira anamwali, olo njira yachidule itadutsa konko.

Maliro akagwa imitsani zonse. Maliro a Chisilamu sachedwa, nthawi zambiri amaika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, nde musati ndikapepesa mawa, pitani pomwepo mukakhale nawo.

4. Konzani za chilankhulo

Anthu ambiri kuno amamva Chichewa, zoona, koma kumva ndi kwina, kumasuka nkutsutsa kapena kufunsa funso ndi kwinanso. Agogo a ku Namwera kapena ku Katuli atha kukhala chete msonkhano wonse wa Chichewa, koma muwalole alankhule Chiyao mudzadabwa mfundo zomwe anali nazo. Nde lengezani poyamba kuti aliyense alankhule chilankhulo chomwe ali nacho momasuka, womasulira alipo.

Inuyo phunzirani moni basi, sikuti mpaka mudziwe Chiyao chonse. M'mawa "Ajimwiche uli?", nthawi ina iliyonse "Ali uli?", akakufunsani inu muyankhe "Ndili chenene, kwali wawojo", pothokoza "Sikomo kwejinji". Wina akakupatsani "Salaam aleikum" yankho lake ndi "Wa aleikum salaam", ndipo kuyankha moni sikukusandutsani Msilamu ayi, ndi mtendere chabe mukufunirana. Ngati pali Atumbuka kapena Atonga, ka "yewo" kamodzi kamawauza kuti mwawaona. Poitana munthu wamkulu wa Chiyao ikani "Che" kutsogolo kwa dzina, monga mmene timaikira "a" pa Chichewa.

Womasulira musankheni bwino. Asakhale munthu amene ali mbali imodzi ya mkangano womwe mukukambawo, asakhale mwana womasulira nkhani za akulu, ndipo nkhani za uchembere kapena za kulera mnyamata asamasulire amayi oti ndi apongozi ake. Khalani naye dzulo lake mumufotokozere nkhani yonse, mugwirizane mawu oti agwiritse ntchito pa zinthu zovuta kutchula pagulu. Polankhula nenani ziganizo ziwiri kapena zitatu nkuima, iye amasulire. Mukalankhula mphindi zisanu osapuma iye adzangotola zomwe wakumbukira, zina nkuwonjezera zake.

Chenjezo: chizungu cha ku ofesi chisiyeni ku ofesi. Mawu a m'malipoti aja anthu amangogwedeza mutu mwaulemu koma palibe chalowa. Nenani kuti "mjigo ukawonongeka ndalama yokonzera ichokera kuti", basi.

Ndipo abale anga a konkuno, izi zikukhudzanso ife. Pagulu pakakhala mphunzitsi wochokera ku Rumphi kapena ku Thyolo, tisamatembenukire ku Chiyao pakati pa nkhani nkumaseka iye ali pomwepo osamva kanthu. Olo musakumunena, iye aona ngati mukumunena, ndipo mawa sabweranso.

5. Za chakudya ndi zakumwa

Ngati pali nkhomaliro, nyama ikhale yochinjidwa ndi Msilamu, ndipo anthu adziwe amene wachinja. Njira yosavuta ndi kugula mbuzi kapena nkhuku zamoyo nkupempha shehe asankhe munthu wochinja. Akhristu ambiri alibe nazo vuto, adya. Nkhumba isayandikire nkomwe, ngakhale mapoto ndi mbale zomwe munaphikiramo nkhumba kunyumba kwanu musabwere nazo. Nkhani ya nkhumba inayambanitsapo anthu m'misika ya kuno, si yoseweretsa. Mbewa ndi mowa chimodzimodzi.

Koma osaiwala enawo. A Seventh Day sadya nsomba zopanda mamba, nde mlamba ndi kampango kwa iwo ayi. Mukafuna ndiwo zoti aliyense adye popanda kufunsa mafunso, chambo, utaka, usipa, nyemba ndi masamba sizikhumudwitsa munthu. M'Ramadan musagawe fanta ndi mabisiketi pamaso pa anthu osala, apatseni onse atenge kunyumba pomaliza, ndipo inu amene simukusala mukamwere madzi anu poduka mphepo.

6. Tsiku la msonkhano: kakhalidwe ndi kayambidwe

Fikani msanga, valani mwaulemu. Kabudula ndi malaya opanda manja zomwe mumaona alendo atavala kugombe ku Cape Maclear si za pabwalo la mfumu. Popereka moni wa pamanja gwiritsani dzanja lamanja, lamanzere likugwirizira. Kwa munthu amene si mwamuna mnzanu kapena mkazi mnzanu, dikirani ayambe iye kutambasula dzanja, chifukwa ena chipembedzo chawo sichilola, akapanda kutero ingowombani m'manja pang'ono kapena ikani dzanja pachifuwa, musakhumudwe. Akakulowetsani mumzikiti kapena kukhala pamkeka woswalirapo, nsapato vulani.

Pemphero likhale la mbali zonse, shehe atsegule ndi dua abusa adzatseke, ulendo wina musinthanitse. Potchula olemekezeka yambani ndi mfumu, kenako a zipembedzo onse mofanana, ndipo mayina muwalembe papepala kuti musadumphe wina.

Mudzaona kuti abambo akhala kutsogolo kapena pamipando, amayi pansi chakumbali, achinyamata kumbuyo kwenikweni. Musalimbane nazo tsiku loyamba nkumati aliyense asakanikirane, mungowachititsa manyazi anthu. Chomwe chimathandiza ndi ichi: mukafotokoza nkhani, gawani magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, akambirane mphindi 20 kapena 30, gulu lililonse lisankhe wodzanena zomwe agwirizana. Mayi amene sakanatsutsa amalume ake pagulu atha kunena bwinobwino kuti "gulu lathu laona chonchi". Ndipo pa nkhani ya madzi, ya sukulu, ya sikelo ya ana, amene amaidziwa ndi amayiwo, makamaka midzi yomwe abambo ambiri ali ku Joni.

7. Tsimikizani kuti mwamvanadi

Gawo ili ndi lomwe ndimaliona lofunika kuposa onse. Funso loti "mwamva?" silithandiza, yankho lake ndi "eee" nthawi zonse, chifukwa munthu waulemu sangamuuze mlendo pamaso pa mfumu kuti zomwe wanenazo sizikumveka kapena sakuzifuna. "Tiona", "tikaganize kaye", kapena bwalo kungoti zii, kawirikawiri ndi kukana kwaulemu, nde inu musalembe mu lipoti kuti anthu avomera.

M'malo mwake funsani chonchi: "Amayi, mukakafika kunyumba anzanu amene sanabwere akakakufunsani kuti kunali zotani, mukawauza chani?" Zomwe ayankhezo ndi zomwe zamveka. Funsaninso, "chingatilepheretse ndi chani?" Funso limeneli limapatsa anthu mpata wonena zokana zawo popanda kuoneka amwano. Ndi pamene mumve kuti ena sakufuna kulowa banki mkhonde chifukwa chiwongoladzanja chipembedzo chawo chimaletsa, kapena kuti malo omwe mwasankha kukumba mjigo ali pafupi ndi manda, zinthu zoti mukanazimva patatha miyezi ntchito itaima kale.

Musakakamize anthu kusaina tsiku lomwelo pa nkhani za malo, za ndalama kapena za mwana. Kwa Ayao, monganso kwa Achewa ndi Alomwe ambiri, banja limatsata kuchikazi, mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo mwini mbumba ndi malume. Nde mayi akati "ndikafunse kaye achimwene anga" kapena "ndiwaimbire kaye bambo ake ku Joni", sikuti akuzemba, ndi dongosolo lake limenelo. Amene munakulira kumpoto komwe amalowola ndipo ana ndi a kwa bambo, apa samalani, mukaitana bambo yekha pa nkhani ya mwana wosiya sukulu mutha kupeza kuti mwaitana munthu amene mawu omaliza si ake. Funsani kuti "pa nkhani iyi tiitane ndani?" Ndipo a kuno nawo asadabwe mnzathu wa ku Mzimba akati nkhani ya mwana wake ikathere kwa abale a bambo.

Pomaliza bwerezani zomwe mwagwirizana, ndani achita chani, pofika liti, m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo mawu otsekera akhale a mfumu.

8. Pakabuka mkangano

Nkhani ikayamba kulowera ku chipembedzo kapena ku mtundu, wina wati "inu anthu a chakuti ndinu otere", imitsani pomwepo mwaulemu. Musaweruze pagulu, ndipo inu musakhale woweruza. Pemphani afumu, shehe ndi abusa mukhale pambali, nkhaniyo ipatsidwe tsiku lake. Zotheka ndithu kumvana olo pa nkhani zowawa, paja ya hijab m'sukulu za mipingo inavuta zaka zingapo mpaka sukulu zina kutsekedwa, koma mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano kudzera ku Public Affairs Committee, atakhala pansi nthawi yaitali. Za m'mudzi nazo zimafuna kukhala pansi komweko, kungoti musachedwe nazo mpaka zifike pa Facebook.

9. Msonkhano ukatha

Pasanathe masiku awiri kapena atatu bwererani kwa mfumu mukathokoze ndi kumva zomwe anthu akunena kuseri, chifukwa msonkhano weniweni umachitika anthu akubwerera kunyumba. Pa gulupu ya WhatsApp tumizani mawu ojambula, m'Chiyao ndi m'Chichewa, osati mesiji yaitali yolemba, si onse amawerenga momasuka. Gulupuyo ikhale ya ntchito yokha, gwirizanani poyamba kuti maulaliki, kaya a mbali iti, ndi zandale zisaponyedwemo. Ngati uthenga ukufunika kufika kutali, ma wailesi ngati Dzimwe, Radio Maria ndi Radio Islam ali ndi omvera awo osiyana, nde osadalira imodzi.

Pakakhala mzungu wa bungwe kapena mlendo wochokera kunja, muuzeni zonsezi musananyamuke, makamaka za moni wautali, za kavalidwe, ndi zoti asajambule anthu asanapemphe. Anthu a m'mudzi nawo muwauze kuti mlendoyu akafunsa mwachindunji kapena kukana chinthu pamaso si mwano, kwawo amalankhula choncho.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Mayina onyoza. "Achawa", "Anguru", "akafiri", ngakhale kumangoti "obwera" kwa munthu woti wakhala kuno zaka 20 ndipo ana ake anabadwira pa chipatala cha boma pompano. Ena amati ndi nthabwala chabe, koma mwini wake saseka, ndipo liwu limodzi lotere limagwetsa ntchito ya miyezi.

Kufika ndi maganizo oti mukudzaphunzitsa anthu osadziwa kanthu. Zimaonekera pankhope ndi pa kalankhulidwe olo musanene. Msodzi amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa mwera ndi malo oswanirana chambo kuposa buku lanu, mufunseni.

Kunyoza mwambo pagulu. Ngati pali vuto lenileni, monga ana kuchedwa kubwerera kusukulu chifukwa cha chinamwali kapena atsikana kukwatiwa asanakwane zaka 18 zomwe malamulo a dziko lino amaletsa, nkhaniyo ikambidwe ndithu, osaibisa, koma yambani ndi mafumu, anankungwi ndi mashehe paokha, iwo ndi amene akaitengere kwa anthu.

Kudalira munthu mmodzi pa zonse. Wokuperekezani uja nayenso ali ndi abale ake ndi adani ake, nde zomwe wakuuzani zitsimikizeni kwa anthu ena awiri a mbali zosiyana.

Kusankha komiti ya mbali imodzi. Onani ngati muli amayi, achinyamata, a zipembedzo zonse, ndi mmodzi wa anthu ochepa aja, kaya ndi Atonga a kudoko kaya a ku Mozambique okhazikika m'mudzimo.

Kuthamangira nkhani musanapereke moni. Kufunsa za kunyumba, za odwala, za mvula, za kunyanja, kumatenga mphindi khumi, ndipo muziwerengere kale mu pulogalamu yanu kuti musamayang'ane wotchi afumu akulankhula.